Mbale ya Bambo Aakulu

Azakhali a Menuka anatsika masitepe mbale ija ili chidzadzire, nkuitsitsa pansi mwamphamvu mpaka msuzi wa mphodza unatayikira pasimenti.

"Sanakhudze ngakhale kanjere kamodzi," anatero. "Lero ndi tsiku lachinayi, anthu inu. Munthu wamkulu angakhalire tiyi yekha masiku anayi?"

Asmita ankatsuka makapu a alendo pampope wa pabwalo. Mbale imeneyo anayamba kukwera nayo ndi iyeyo, nkugwada, nkunyengerera mpaka mawu kusasa, azakhali akewo asanamulande kuti akayese iwo. Bambo ake aakulu, a Tikaram, anangokhala pabedi manja ali pamaondo, maso ali pachitseko.

Bambo ake omubereka, a Dhruba Basnet, anamwalira Lachiwiri. Anagwa pageti la sukulu ambulera ili m'manja, ndipo pofika masana tinali titawanyamula kale kupita nawo kumtsinje ku Ramdi kukawatentha. Ife a ku Tansen amene tinaphunzira masamu m'manja mwawo tinalira, inde, koma ndisaname, ena tinkalira titagwira makutu. Langa lamanzereli mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake. Munthu uja anali woopsa, abale. Akangogwedeza ndevu zawo za pamlomo, kalasi yonse inkati zii. Ukhondo ndiye anali nawo wonyanyira. Madzi ankamwa chothira kuchokera m'mwamba, kapu osaifikitsa pamlomo, ngakhale kapu ya m'nyumba mwawo momwe. M'malesitilanti sankadyamo. Mwana akaluma chakudya chimene mnzake waluma kale, iwo nkumuona, tsiku limenelo ankapita kwawo akulira.

A Tikaram anali mkulu wawo, mmisiri wa matabwa amene sanakwatirepo. Zaka naini zapitazo anagwa padenga la nyumba ina akukhoma malata, ndipo chigwereni mutu sunabwererenso m'malo mwake. Ankayenda, ankasamba okha akawatungira madzi, koma mawu anatsala owerengeka. Ankakhala kuchipinda cha pamwamba. Chakudya ankawapititsira ndi a Dhruba okha, m'mawa asanapite kusukulu ndiponso madzulo, mbale yosefukira, ndipo akalowa ankatseka chitseko. Palibe amene ankafunsa. Ndani akanafunsa a Dhruba?

Azakhali anapukuta manja nkukaima pakhomo la chipinda cha pansi, osalowa. Mkatimo, pamphasa ziwiri zotalikirana, munali mayi a Asmita, a Sarada, ndi mchimwene wake Prabin amene anafika Lachitatu kuchokera ku Doha, kunja kumene amagwira ntchito. Onse awiri anali m'nsalu zoyera, osayenera kukhudzidwa ndi munthu, monga mwa mwambo, mpaka masiku khumi ndi atatu a maliro atatha.

"Mlamu," anatero azakhali, "ine ndalankhula kale ndi wagalimoto. Abwera Lamlungu m'mawa. Achimwene tikayamba tawasiya kuchipatala ku Butwal akawaike diripi. Akapezako mphamvu, tipita nawo ku Devghat, kunyumba yosungirako okalamba. Malo ndawapezera."

"Ku Devghat anthu amakadikirira imfa, azakhali," anatero Asmita ali pampope pomwepo.

"Nanga pamwambapo akudikirira chiyani? Basi ya ku Pokhara?"

Mayi a Sarada anakweza nkhope. Maso anali otupa. "Alamu, ndinene chiyani ine? Ngakhale masiku awa atatha, mkazi wa mng'ono sakhudza mkulu wa mwamuna wake. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala m'nyumba muno, kapu ya tiyi ndimaika pansi kuti atole okha. Ndiwadyetsa bwanji? Ndi ndodo?"

"Ine tchuthi andipatsa cha masabata atatu basi," anatero Prabin akuyang'ana pamphasa. Anali wamanyazi ndi mutu wake wometa.

"Ine kwathu ku Butwal ndili ndi apongozi ogona pabedi," anatero azakhali. "Mukundiona ngati wouma mtima, ndikudziwa. Ndi achimwene anga amenewo, anandilera. Koma mng'ono wanga ndamutentha Lachiwiri, sindifuna kubwereranso ku Ramdi sabata yamawa."

"Ndilipo ine," anatero Asmita.

"Iwe? Wakwera kangati ndi mbale? Kasanu ndi kawiri ndawerenga ine. Izi si za mabaji ako, mwana iwe."

Apo azakhali anamubaya pachilonda. Asmita anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo malaya ake a usikauti anali ndi mabaji mpaka dzanja lamanja kusowa malo: la zingwe, la chithandizo choyamba, la kuyatsa moto kunja kukugwa mvula. Chaka chino ankalimbira baji ya udindo wa m'banja. Maphunziro ake ankachitika pafoni Loweruka lililonse naini koloko m'mawa, ana makumi awiri ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo linatsala Loweruka limodzi. Bambo ake ankamuseka nazo. "Baji yotsuka mbale? Akanamapereka kalekale, amayi ako bwenzi malaya atang'ambika ndi kulemera." Koma foni ankamubwereka ndi iwo omwewo, ataitchaja mpaka kudzadza.

Madzulo a Lachisanu limenelo, dzuwa lisanalowe, Asmita anawapeza azakhali kukhitchini atatembenukira kukhoma, akuthira chinachake m'kapoto.

"Azakhali! Mchere?"

"Khala chete, iwe!" Anasuzumira pakhomo. M'nyumba ya maliro mchere sulowa mkamwa mwa wachibale mpaka masiku atatha, ndipo aliyense amadziwa kuti wovutika nawo ndi womwalirayo kumene akupita. "Wodwala alibe mwambo. Mwina chakudya chozizira ndi chimene akukana. Wansembe akamva, ndikana, ndipo iwe ndikukoka tsitsi."

Anakwera onse awiri. Azakhali anagwada, anaomba m'manja, anaimba kanyimbo ka kumudzi kwawo, anakalipa, kenako analira. Anafikitsa supuni pamlomo pa a Tikaram. Mkuluyo anangotembenuza mutu mwaulemu, ngati munthu wokana fodya paukwati, nkuyang'ananso pachitseko. Milomo inali itayamba kung'aluka. Potsika, azakhali anakhala pasitepe yapakati nkuphimba nkhope ndi nsalu, ndipo Asmita anawakhululukira za mabaji zija.

Loweruka m'mawa Asmita anatenga foni ya bambo ake nkukwera nayo pakhonde la pamwamba. Sanavale malaya a usikauti. Cholinga chinali kungotsanzika.

M'nyumba yonse ya a Basnet netiweki inkagwira malo amodzi okha, pashelefu yapamwamba ya pakhondepo pamene ankaikapo mbewu za maluwa. Asmita ankakwera pampando, nkutsamiritsa foni kuchitini, iye nkukhala pansi ndi kope lake, nsana utaloza zenera la chipinda cha bambo ake aakulu. Kabokosi kodzioneramo yekha anakabisa tsiku loyamba lomwe, chifukwa cha ziphuphu za pachipumi, koma anzake ankamuona.

Nkhope zinatulukira m'timabokosi. Madamu Rojina, mtsogoleri wawo wa ku Patan, anavula magalasi atangomuona.

"Asmita, mwana wanga. Tamva. Pepa kwambiri."

"Pepa, Asmita," anatero ena onse mosokonezana.

"Zikomo. Madamu, ine ndabwera kudzanena kuti ndasiya."

"Ayi, sukuyenera kufulumira. Ntchito yomaliza ija, yotenga udindo wa munthu wina wa m'nyumba kwa sabata imodzi, udzaichita mtima ukadzakhala pansi."

"Ndaichita kale, Madamu, ndipo ndalephera. Ndinatenga ya bambo, yodyetsa bambo aakulu. Chiyambire Lachiwiri sanadye. Mawa akuwatenga, akupita nawo ku Devghat. Baji ya banja ndikaivale pati, munthu wa m'banja langa akufa ndi njala mbale ili patsogolo pake?"

Kabokosi kena kanawala. Anali Lhamu wa ku Jomsom, mtsikana wa masaya ofiira amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale Madamu atamuzimitsa kangati.

"Koma iweyo unayasama?"

"Lhamu!" anatero Madamu.

"Ayi, Madamu, ndikufunsa bwinobwino. Asmita, unakhala pansi nkuyasama ngati mmene ankachitira bambo ako?"

"Ukunena chiyani iwe?"

"Aaa! Kodi sudziwa? Ife timaonera Loweruka lililonse, kumbuyo kwakoko. Katani ya pazenerapo imangofika pakati, ndiye foni yako ili pamwamba. Bambo ako amalowa ndi mbale, amatseka chitseko, amavula chipewa, nkukhala pansi kutsogolo kwa agogowo atapinda miyendo. Kenako amayasama. Kukamwa konse, ngati kamwana ka mbalame! Agogowo amaumba mpunga ndi dzanja, nkuuzira, nkuwaika mkamwa."

"Bambo anga?"

"A ndevu aja, inde. Mbamu ziwiri za bambo ako, imodzi ya agogo. Ziwiri, imodzi, mpaka mbale kutha. Ine ndimawerenga, pajatu kalasi nthawi zina imatalika. Pepani, Madamu."

Ana ena anayamba kugwedeza mitu. Wina anati bambowo akachedwa kumeza ankakalipiridwa ndi chala. Wina anati pomaliza agogo ankawapukuta ndevu ndi chikhatho. Onse ankadziwa, kuyambira ku Jomsom mpaka ku Ilam, kupatula a m'nyumbamo.

"Ndinawaletsa anzakowa kuti asamazitchule," anatero Madamu mofatsa. "Ndinaona kuti ndi za m'nyumba mwanu, ndipo ndinkayesa kuti ukudziwa. Ndikuuze zoona, mwana wanga, masiku ena ndinkaiwala zimene ndikuphunzitsa. Ndinkangoyang'ana pazenera panupo."

Asmita anatembenuka. Katani inalidi yofika pakati. Zaka zonsezi ankadutsa pamenepo, koma msinkhu wake sunkafika poti nkuona mkati. Sanatsanzike nkomwe. Foni anaisiya ikulankhula yokha pashelefu, iye nkutsika masitepe awiriawiri.

Azakhali anali akupakula mbale ina, nkhope ya munthu wodziwa kale kuti ibwerera. Asmita anawafotokozera zonse mopuma wefuwefu.

"Ram, Ram!" anafuula, kutchula dzina la Mulungu. "Dhruba? Dhruba amene anakana kudya kwanga chifukwa mwana anaviika chala mumsuzi?" Anaseka kamodzi. "Ana a pafoni akunamiza iwe. Mwamuna wa zaka makumi asanu kudyetsedwa ndi dzanja? Kenako achimwene nkudya ndi dzanja lomwelo lochoka pamlomo pa mng'ono wawo, m'mbale imodzi? Anthu akanamva..."

Anaima pomwepo, chipande chili m'mwamba. Pang'onopang'ono anakhala pansi pakampando.

"Kalanga ine," anatero chapansipansi. "Amayi atamwalira, Dhruba anali ndi zaka zinayi, ine zisanu ndi ziwiri, achimwene khumi ndi zinayi. Bambo anali ku India, kulondera geti la anthu. Ankaphika ndi achimwene. Ine ndinkadya ndekha, koma Dhruba anali kamwana kokana chakudya, koonda, kamphuno kachimfine. Ankamukhazika kutsogolo kwawo nkumamudyetsa. Mpunga ukachepa iwo ankagona ndi madzi. Sankaika kanthu mkamwa mwana asanadye. Sankaika, ndithu." Anadzimenya pachifuwa. "Ine chitsiru! Masiku anayi ndikuwakakamiza supuni, kani munthu akudikirira kuti mwana ayambe wadya."

Asmita ananyamula mbale. Azakhali anamugwira mkono.

"Dikira. Muli mchere umu. Iwe sungadye mchere, ndiwe mwana wa womwalirayo. Ukawalemetsa bambo ako paulendo. Ndiphike wina, ola limodzi lokha."

Mtsikanayo anayang'ana mbale. Masiku asanu anali atasunga mwambowo osaphonya, ngakhale bisiketi ankakana, chifukwa chinali chinthu chokhacho chimene akanawachitira bambo ake. Anachita mantha.

"Milomo yawo yang'aluka, azakhali. Ola limodzi ndi lalitali."

"Nanga bambo ako?"

"Bambo akanadya."

Azakhali anamusiya mkono.

Chipinda cha pamwamba chinkanunkha mafuta a mpiru ndi matabwa akale. A Tikaram anali monga anawasiyira, manja pamaondo. Asmita anatseka chitseko. Anawatsanulira madzi m'manja, iwo nkulola. Anaika mbale pakampando kakafupi, anakhala pansi kutsogolo kwawo, anapinda miyendo. Anadzimva wopusa kwambiri. Kenako anakweza chibwano nkuyasama.

Palibe chinachitika. Maso a mkuluyo anali pachitseko. Nsagwada zinayamba kumupweteka, malovu anayamba kudzadza, koma sanatseke pakamwa. Panja njinga yamoto inadutsa, galu wa kwa aneba, a Shrestha, anauwa nkusiya.

Mutu wa a Tikaram unatembenuka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, pachipumi, pamphuno, pachibwano, atakwinya nkhope. Sindikudziwa amene anamuona, ndipo sindinama kuti ndikudziwa. Dzanja lamanja linachoka pabondo nkutsikira m'mbale. Linasakaniza mpunga ndi mphodza, mwaluso, ndi nsonga za zala zokha, nkuumba kambamu kakang'ono. Anakauzira kawiri. Anakafikitsa pamlomo pa Asmita nkukakankhira mkati ndi chala chachikulu.

"Tafuna bwino," anatero. Mawu anali osasa ngati chitseko chosatsekulidwa kalekale. "Usathamange."

Mchere unamuwawa palilime, misozi nkuyamba kutsika. Anatafuna. Mbamu yachiwiri inabwera, nayonso youziridwa. Yachitatu a Tikaram anaiumba yaikulupo, anaiyang'ana, nkuiika mkamwa mwawo. Asmita anaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika.

Chitseko chinalira. Azakhali anali atachikankha pang'ono, dzanja lili pakamwa. Kumbuyo kwawo, patali pang'ono kuti asakhudzane ndi munthu, panaima mayi a Sarada m'nsalu yawo yoyera. Sankayenera kuchoka pamphasa, koma anali atakwera.

Ziwiri, imodzi. Ziwiri, imodzi.

"Zaka naini," anatero mayi a Sarada, osalankhula ndi wina aliyense kwenikweni. "Bambo a Asmita akatsika kuchoka kuno ankakhala patebulo nkumati, 'Ndipatse pang'ono, Sarada, sindikumva njala.' Tsiku lililonse. Ine ndasintha mpunga, ndasintha mafuta, ndafunsa azimayi anzanga kaphikidwe. Ndinkalira kukhitchini, ndinkati mwamuna wanga watopa ndi dzanja langa." Anaseka misozi ikugwa. "Kani ankabwera atadyetsedwa kale. Chimunthu chachikulu chija, ndi ndevu zake zija! Osandiuza bwanji?"

"Akanakuuza ndani? Dhruba?" anatero azakhali akumina m'nsalu. "Akanalolera kufa." Atazindikira zimene anena anadzimenya pakamwa, ndipo onse awiri anaseka mpaka kulira kwenikweni kunabwera.

A Tikaram anakweza chala osatembenuka. "Phokoso. Mwana akudya."

Azimayi awiriwo anakhala chete nthawi yomweyo.

Mbale inafika pakati. Asmita anali atameza mbamu khumi ndi zinayi, mkuluyo zisanu ndi ziwiri zokha. M'mimba munali mutadzadza kale, pajatu masiku onsewa ankadya kamodzi patsiku, ndipo mbale ya bambo aakulu inali ya anthu awiri akuluakulu. Apa ndi pamene anamvetsa kulemera kwake kwa ntchitoyi. Kuti mkuluyo adye zokwanira, wina ankayenera kudya kuwirikiza kawiri, njala ikhalepo kapena isakhalepo, adwale kapena akwiye, m'mawa ndi madzulo, mbale mpaka kuyera.

"Mlamu," ananong'ona azakhali, "wagalimoto uja ndimuuze chiyani?"

Mayi a Sarada anayang'ana mwana wawo. "Asmita. Si za lero lokha izi. Ndi mawa, ndi mkuja, ndi tsiku la mayeso, ndi tsiku limene anzako akupita kukampu. Ine kuphika ndiphika, kuchapa ndichapa, koma pamenepo sindingakhalepo. Uzitha?"

Asmita sakanatha kuyankha, mkamwa munali modzadza. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Muuzeni asabwere," anatero mayi ake.

Dzanja la a Tikaram linali litaumba kale mbamu ina. Anaiuzira kawiri nkuikweza, nkuima nayo m'malere, akudikirira mosatopa. Asmita anali asanameze yapitayo. Inali itaima pakhosi, mimba ikukana, ndipo akanangopukusa mutu kamodzi mkuluyo akanabweza dzanja nkusiya kudya. Anapuma. Anameza. Anapukuta maso ndi mkono, anakweza chibwano, nkuyasamanso.